Laser Ichotsa Magalasi, Nanga Diso Lidzakhala Bwanji Pakatha Zaka 20?

Munthu wovala magalasi amene amagwira ntchito pansi pa mgodi ali ndi mavuto omwe anzake sawadziwa. Malamulo a chitetezo amafuna kuti aliyense wotsikira pansi atchinge maso, choncho iye amavala awiri: ake a kuchipatala m'kati, otetezera pamwamba. Kutentha kwa pansi ndi thukuta zimapaka nthunzi pa onsewo, fumbi la miyala limawakanda mpaka kuchita chifunga, ndipo akagwa n'kusweka mwezi uli pakati, ndalama yogulira ena imachoka pa ndiwo za ana. Munthu wotereyu akaona uthenga pa Facebook kapena pa WhatsApp wakuti kuli opaleshoni ya mphindi 15 yomusiyitsa magalasi, palibe angamudzudzule kuti wakopeka msanga.

Ku Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 88 kuchoka ku Harare, anthu otere alipo. Tauniyi inakula ndi migodi: golide wa Freda Rebecca, nickel wa Trojan, komanso makorokoza okumba okha m'mapiri ozungulira. M'komboni ya Trojan ndi m'malokeshoni a Chipadze ndi Chiwaridzo muli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a chigwa cha Mazowe, ndipo Chichewa chimamvekabe m'nyumba zawo. Ana awo ena ali ku Joni, ena ku Britain, kumene opaleshoni ya laser imalengezedwa ngati malonda ena alionse. M'tauni momwemo, Bindura University of Science Education ili ndi dipatimenti yophunzitsa akatswiri oyeza maso. Funso lakuti "kodi ndichite?" lafika kale pakhomo.

Chilungamo chake n'chakuti opaleshoniyi imagwira ntchito. Anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lapansi anachitidwa, ndipo ochuluka zedi amasangalala nayo. Koma ndi opaleshoni yochitidwa pa diso losadwala, zimene yachotsa sizimeranso, ndipo zotsatira zake zina zimadikira zaka 10 kapena 20 kuti zionekere. Ziwerengero zolimbitsa mtima zimene amazitchula otsatsa malonda zinachokera kwa anthu okhala pafupi ndi dokotala amene anawachita opaleshoni. Wa ku Bindura ayenera kuziwerenga akukumbukira ntchito imene amagwira, fumbi limene amakhalamo, ndi kutalika kwa ulendo wobwerera kwa dokotalayo.

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera mbee kamene madokotala amati koniya. Kuchindikala kwake ndi theka la milimita basi, pafupifupi ma micron 540, pamene micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Koniya ndiyo imagwira ntchito yaikulu yopinda kuwala kuti kukagwere pa retina, kansalu kakumbuyo kwa diso komwe kamalandira zithunzi. Munthu amene saona patali, kawirikawiri diso lake ndi lalitali pang'ono kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndiye kuwala kumakumana kusanafike pa retina. Laser siifupikitsa diso limenelo. Imangosema koniya kuti pakati pake paphwatalale, ndipo kuwala kumakagwera pamalo pake.

Wochitidwa amagona chagada ali maso. Amamudonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, kachitsulo n'kugwira zikope kuti asaphethire. Kamphete kamayamwa diso, kumachita mdima kwa masekondi angapo, ndipo makina amadula kachivindikiro kopyapyala, ka ma micron 100 kapena kupitirira pang'ono, n'kusiya mbali imodzi ikadali yolumikizika. Dokotala amakapindira pambali. Laser imayamba kulira motsatizana, m'chipindamo mumamveka kafungo ka tsitsi lowauka, ndipo pasanathe mphindi imodzi mnofu wofunika kuchoka wauluka. Pa mphamvu iliyonse imodzi ya magalasi pamachoka ma micron 12 mpaka 15, kotero wa magalasi a -6 amataya pafupifupi 80. Kachivindikiro kaja kamabwezedwa pamalo pake popanda kusoka, ndipo mawa lake ambiri amawerenga mizere ya pansi pa tchati. Imeneyi ndi LASIK. Pali ina yakale, PRK, yopanda kachivindikiro: amapala khungu la pamwamba n'kusema pomwepo, diso limapweteka masiku angapo ndipo kuona kumachedwa kukhazikika. Pali ina yatsopano, SMILE, momwe laser imadula kachidutswa m'kati mwa koniya, dokotala n'kukatulutsira pa kabowo kakang'ono.

Zonsezi si zakale kwenikweni. Rangaswamy Srinivasan ndi anzake a ku kampani ya IBM anaonetsa mu 1981 kuti laser ya mtundu wa excimer imasema mnofu popanda kutentha woyandikana nawo. Stephen Trokel anaiyesa pa koniya mu 1983, Marguerite McDonald anachita PRK yoyamba pa diso la munthu loona mu 1988 ku New Orleans, ndipo Ioannis Pallikaris anayambitsa LASIK pa chilumba cha Crete cha ku Greece chapafupi ndi 1990. SMILE inavomerezedwa ku America mu 2016. Tanthauzo lake n'lakuti maso oyamba kuchitidwa LASIK angotha zaka zopitirira 30 pang'ono, ndipo mnyamata wa zaka 22 amene achitidwa lero akufuna kudzagwiritsa ntchito maso akewo zaka zina 50 kapena 60.

Madokotala a maso anaphunzirapo kale kuti koniya imachedwa kuyankha. M'zaka za m'ma 1970, Svyatoslav Fyodorov wa ku Moscow anatchukitsa njira yocheka koniya ndi mpeni mizere yotuluka kuchokera pakati, ndipo anthu ankataya magalasi akuimba lokoma. Kafukufuku wa ku America wotchedwa PERK anawatsatira anthu otere kwa zaka 10. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1994 zinaonetsa kuti maso 43 pa 100 alionse anapitirira kuphwatalala, ndipo ena mwa eni ake anayamba kuvutika kuona pafupi. Laser ndi yolondola kwambiri kuposa mpeni uja, ndipo si bwino kuziika m'dengu limodzi. Koma vuto limenelo silinaoneke chaka choyamba.

Pa LASIK yeniyeni, kafukufuku amene anafunsa eni maso okha ndi PROWL, yemwe bungwe la FDA la ku America linachita pamodzi ndi asilikali a pamadzi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2017. Anthu oposa 95 pa 100 anati akhutira. Ochepera mmodzi pa 100 ndi amene anavutika kwambiri kugwira ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Mpaka apa nkhani ndi yokoma. Koma mwa amene analibe vuto lililonse la kaonedwe asanachitidwe, ofika 46 pa 100 anali ndi vuto limodzi latsopano patatha miyezi itatu, monga mphete za kuwala, kuthobwa kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Mwa amene maso awo sankauma, ofika 28 pa 100 anayamba kuuma maso. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti ambiri amene anali ndi mavuto otere kale anapezako bwino. Wotsatsa malonda amatchula 95, wodana ndi opaleshoniyi amatchula 46, ndipo onse awiri sakunama.

Kuuma kwa maso ndiko kumakhudza anthu ambiri. Koniya ili ndi mitsempha yomva yochuluka kuposa khungu la pena paliponse m'thupi, ndipo mitsempha imeneyi ndiyo imauza diso kuti lapsa, liphethire, litulutse misozi. Podula kachivindikiro, mitsempha yambiri imaduka. Imameranso, koma pang'onopang'ono, kwa miyezi ngakhale zaka, ndipo nthawi zina siibwerera mmene inalili. M'nthawi imeneyo diso limanyerenyetsa, limachita ngati mwalowa mchenga, kuona kumasinthasintha munthu akaphethira. Ambiri amapeza bwino pakatha miyezi 6 mpaka 12. Ena amakhala akudontheza misozi ya m'botolo zaka zambiri.

Kwa munthu wa mu ofesi, limeneli ndi vuto la kabotolo ka m'thumba. Ku Bindura kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mphepo imauma, fumbi limakwera m'misewu, utsi wa lupsa umadzaza mlengalenga. Pansi pa mgodi mafani amakankha mpweya usana ndi usiku, ndipo mpweya woyenda umaumitsa misozi msanga. Wogwira pa chigayo cha miyala kapena mkorokoza wa m'dzenje alibe malo aukhondo oti asambe m'manja n'kudontheza mankhwala kanayi kapena kasanu pa tsiku. Komanso kabotoloko ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi imene palibe amaiwerengera pa mtengo wa opaleshoni.

Pali kagulu kochepa kamene vuto lawo si kuuma wamba. Mitsempha yawo imamera molakwika n'kumatumiza ululu popanda chifukwa: diso limatentha, limaopa kuwala ndi mphepo, koma dokotala akaliunika amalipeza labwinobwino. Anthu amenewa amavutika kawiri, chifukwa achibale ngakhale achipatala ena amawaganizira kuti akukokomeza. Ululu umenewu ndi weniweni, uli ndi dzina m'mabuku a zachipatala, ndipo kuuchiza n'kovuta.

Kenako pali usiku. Kukada, mwana wa diso amakula kuti alowetse kuwala kochuluka. Dera limene laser imasema nthawi zambiri ndi la mamilimita 6 kapena 6.5, ndipo kuwala kolowera m'mphepete mwa dera limenelo sikupindika mofanana ndi kwa pakati. Nyali iliyonse imaoneka yozunguliridwa ndi mphete, kapena yotulutsa mizere mbali zonse. Makina a masiku ano anachepetsa vutoli kwambiri poyerekeza ndi a zaka za m'ma 1990, ndipo kwa ambiri limazilala pakapita miyezi. Koma tchati cha kuchipatala, chokhala ndi zilembo zakuda pa pepala loyera m'chipinda chowala, sichiliona vuto limeneli. Munthu angawerenge mzere womaliza, dokotala n'kulemba kuti opaleshoni yayenda bwino, koma iye akulephera kusiyanitsa mwala wotuwa ndi khoma lotuwa pamalo a chizirezire. Pansi pa mgodi ndi usiku nthawi zonse. Kuwala kumachokera pa nyali za pa zipewa za anzako ndi pa makina onyamula miyala, ndipo kumakuomba kumaso penipeni. Dalaivala wa kombi amene amabwerera kuchoka ku Harare usiku kudzera ku Mazowe ndi Glendale, akukumana ndi malole oyatsa nyali zonse, ali m'gulu lomweli. Kwa anthu awiriwa, mphete ya kuwala ingathe kuwachotsa ntchito.

Chimene ambiri sauzidwa bwino ndi za kachivindikiro kaja. Kamamatirira msanga, koma sikalumikizana ndi koniya mmene zinalili poyamba. Ofufuza amene anayeza maso a anthu omwalira omwe anachitidwapo LASIK anapeza kuti chipsera chimagwira m'mphepete, pamene pakati mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi koniya yosadulidwa. N'chifukwa chake dokotala amatha kukatukulanso patapita zaka pofuna kuwonjezera laser. N'chifukwa chakenso m'mabuku a zachipatala muli nkhani za anthu amene kachivindikiro kanasuntha patatha zaka zoposa 10, atabayidwa ndi chala, nthambi kapena kumenyedwa ndi mpira. Sizichitika kawirikawiri, ndipo zikachitika dokotala wodziwa amakabwezera bwinobwino ngati wafika msanga, tsiku lomwelo kapena lotsatira. Funso ndi lakuti dokotala wodziwayo ali kuti. Asilikali a ku America kwa nthawi yaitali ankakonda PRK pa anthu awo opita kunkhondo pa chifukwa chomwechi, ngakhale kuti pambuyo pake analola LASIK, ndipo mu 2007 bungwe la NASA linalola ochitidwa laser kukhala oyenda m'mlengalenga. Munthu wobowola miyala, womenya nkhonya kapena wosewera mpira ali ndi chifukwa chomveka chofunsira njira yopanda kachivindikiro.

PRK nayo ili ndi zake. Pochira, koniya imatha kuchita chifunga, makamaka kwa amene anali ndi magalasi amphamvu, ndipo dzuwa lamphamvu limakulitsa vutoli. Madokotala amapaka mankhwala otchedwa mitomycin C pa nthawi ya opaleshoni kuti achepetse chifungacho, n'kulangiza kuvala magalasi a dzuwa miyezi yambiri. Wogwira ntchito panja m'dzuwa la Okutobala ayenera kulitenga langizo limeneli ngati mankhwala.

Vuto loopsa kwambiri ndi losowa, koma likabwera silibwerera m'mbuyo. Koniya yopyapyalitsidwa imatha kugonja ku mphamvu ya madzi a m'diso n'kuyamba kutumphukira kunja, monga momwe chubu cha njinga chimatupira pamene tayala laperepeseka. Madokotala amati ectasia, ndipo Theo Seiler ndiye anayamba kuifotokoza mu 1998. Imatha kuyamba pakatha miyezi kapena zaka zingapo. Mphamvu ya magalasi imayamba kusintha chaka ndi chaka, zinthu zimaoneka zopindika, mpaka magalasi wamba amalephera. Kuwunika kwa kafukufuku wambiri komwe kunatuluka mu 2021 kunapeza kuti pa maso amene analibe chizindikiro chilichonse choopsa, vutoli linagwera maso pafupifupi 90 pa 100,000 a LASIK, 20 a PRK ndi 11 a SMILE, ngakhale kuti SMILE yatsatiridwa zaka zochepa. Chithandizo chilipo. Njira yolimbitsa koniya ndi vitamini B2 pamodzi ndi kuwala kwa UV, yomwe inayambira ku Dresden ku Germany, imaimitsa kutumphukako, koma siibwezera koniya mmene inalili. Ena amafunika magalasi olimba oika pa diso, ena koniya ya munthu wina, ndipo koniya zoperekedwa n'zosowa m'maiko a kuno.

Ziwerengero zazing'onozo ndi za maso opimidwa mokwanira n'kupezeka abwino. Apa m'pamene munthu wa kuno ayenera kuchenjera. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti anthu akuda, pa avareji, ali ndi koniya yopyapyalako kuposa azungu, kotero poyambira pake pali kale pochepa. Komanso m'madera otentha ndi ouma a mu Africa muli ana ambiri amene amakula ndi maso oyabwa, ofiirira, omwe amawatikita tsiku lonse. Kutikita kwa zaka kumeneko kumagwirizana ndi matenda otchedwa keratoconus, momwe koniya imafooka yokha n'kusongoka. Poyamba matendawa amangooneka ngati mphamvu ya magalasi yomwe ikukwera, ndipo mwini wake, wotopa ndi kusintha magalasi, ndi amene amalakalaka laser kuposa wina aliyense. Kuchita LASIK pa diso lotere ndi kuliwononga. Chimene chimaugwira msampha umenewu ndi makina ojambula mapu a koniya kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pamodzi ndi kuyeza kuchindikala kwake paliponse. Chipatala chimene chikufuna kupima m'mawa n'kuchita masana, chosafunsa ngati munthu ankatikita maso ali mwana kapena ngati pali wachibale wa keratoconus, n'chofunika kuchisiya.

Alipo enanso amene madokotala amawakaniza kapena kuwachenjeza: osakwana zaka 18, amene mphamvu ya magalasi yasintha m'chaka chapitachi, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, a shuga yosalamulirika, a nyamakazi ya m'magazi ndi lupus, amene chitetezo cha m'thupi chatsika, amene anadwalapo mashingozi kumaso kapena zilonda za herpes m'diso, ndi omwa mankhwala ena monga isotretinoin wa ziphuphu. Kubisa chimodzi mwa izi pofuna kuti ulendo usapite pachabe ndi kudzipweteka wekha.

Tsopano zimene zimabwera munthu atayiwala kuti anachitidwapo opaleshoni.

Glaucoma ndi matenda amene amapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo amagwira anthu akuda kwambiri, msanga, komanso mwaukali kuposa mitundu ina. Amene saona patali ali pa chiopsezo chokulirapo. Njira yofala yowagwirira ndi kuyeza mphamvu ya madzi a m'diso, ndipo kachipangizo koyezera kamakanikiza koniya kuti kamve kulimba kwake. Koniya yosemedwa ndi yofewa, choncho kachipangizoko kamapereka nambala yotsika kuposa yeniyeni. Bambo wa zaka 50 amene anachitidwa LASIK ali ndi zaka 28 angapite kukayezetsa, nambala n'kutuluka yabwino, iye n'kubwerera kunyumba ali wokondwa mtsempha ukufa. Laser sinamupatse glaucoma, koma yabisa chizindikiro chake. Ngati sananene kuti anachitidwa opaleshoni, woyeza amene ali ndi mzere wautali panja sangaone msanga chipsera chopyapyalacho. Pa zoopsa zonse za nthawi yaitali, chimenechi ndicho chiyenera kudetsa nkhawa kwambiri munthu wa ku Bindura, ku Lilongwe kapena ku Chipata, chifukwa chimakumana ndi matenda amene ali kale pakati pathu ndipo maso otayika ndi glaucoma sabwerera.

Ng'ala nayo imadza ndi ukalamba, kaya munthu anachitidwa laser kaya ayi. Pochotsa ng'ala, dokotala amaika kagalasi ka pulasitiki m'diso, ndipo mphamvu yake amaiwerengera poyeza kutalika kwa diso ndi kupindika kwa koniya. Masamu akale amaganiza kuti koniya ndi yachibadwa. Pa koniya yosemedwa amaphonya, ndipo munthu amatuluka m'opaleshoni akufunika magalasi amphamvu. Pali masamu apadera, monga Haigis-L ndi Barrett True-K, amene amakonza zimenezi, koma amafuna zipangizo zoyezera zabwino ndi dokotala wodziwitsidwa pasadakhale. Zipatala zimene anthu ambiri amadalira pa ng'ala, monga Sekuru Kaguvi ku Parirenyatwa mu Harare, Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre kapena Nkhoma, zimathandiza anthu ochuluka kwambiri, ndipo wodwala wobwera ndi mbiri yake yolembedwa amawapeputsira ntchito madokotala.

Magalasi enieniwo amatha kubwerera. Kwa ena, makamaka amene anali ndi mphamvu yaikulu, kusaona patali kumabwererako pang'ono pakapita zaka, ndipo kuwonjezera laser kumatheka pokhapokha ngati koniya yotsala ikukwanira. Kwa onse, pofika zaka 40 mpaka 45, kagalasi kachibadwa ka m'kati mwa diso kamauma n'kulephera kuona pafupi. Pamenepa pali chinthu chimene ambiri amadzachizindikira mochedwa: munthu wa -2 kapena -3 akakalamba amangovula magalasi n'kuwerenga Baibulo kapena uthenga wa pa foni bwinobwino. Akachitidwa laser, mwayi umenewo watha, ndipo adzafunika magalasi owerengera. Wa zaka 38 amene akulipira madola ambirimbiri akugula zaka zochepa chabe zopanda magalasi. Retina nayo siisintha. Diso lalitali limakhalabe lalitali, ndipo chiopsezo cha retina kung'ambika kapena kumatuka chimakhala pomwepo. Woona kuphanima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi kapena chinsalu chophimba mbali ya diso apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuona patali kuposa anzake.

Ngakhale ku America nkhaniyi sinathe. Morris Waxler, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a FDA pamene makina a laser ankavomerezedwa, anapempha bungwelo mu 2011 kuti lichotse chilolezo cha LASIK ponena kuti mavuto ake anachepetsedwa. Bungwelo linakana mu 2014. Koma mu Julayi 2022 linatulutsa malangizo oyembekezera kuvomerezedwa, ofuna kuti wodwala aliyense azipatsidwa mndandanda wa zoopsa m'mawu osavuta, awerenge limodzi ndi dokotala asanasaine. M'malangizowo munatchulidwanso malipoti a anthu ena amene anavutika maganizo kwambiri pambuyo pa opaleshoni, ngakhale kuti sizinatsimikizike kuti opaleshoniyo ndiyo inachititsa. Madokotala ambiri ochita LASIK anati malangizowo akuopseza anthu mopitirira muyeso. Mkangano wawo uli pa kuchuluka kwa zimene wodwala ayenera kuuzidwa, ndipo pa mfundo imeneyi mwini diso ndiye woyenera kumva zonse.

Pali chenjezo lina lofunika kwambiri, kuti mantha asalowe pamene sayenera. Si laser iliyonse ya m'maso imene ili yotaya magalasi. Wodwala shuga akauzidwa kuti retina yake ikufunika laser, imeneyo ndi yopulumutsa maso ku khungu. Gogo amene anachotsedwa ng'ala n'kuyambanso kuona chifunga amathandizidwa ndi laser ya YAG m'mphindi zochepa. Pa glaucoma pali laser yotchedwa SLT, ndipo kafukufuku wa pa chipatala cha KCMC ku Moshi, m'dziko la Tanzania, yemwe anatuluka mu 2021, anapeza kuti patatha chaka inathandiza maso 61 pa 100 pamene mankhwala odontheza a timolol anathandiza 31. Amene wauzidwa kuti alandire zimenezi asazengereze.

Kubwerera ku LASIK, mtunda ndiwo umasintha masamu onse. Opaleshoniyi imachitika m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, ndipo anthu a m'chigawo chino cha Africa amene amaifuna ambiri amaloza ku Johannesburg, Cape Town kapena India. Dokotala amafuna kuona diso pasanathe maola 24 mpaka 48, kenako mobwerezabwereza kwa miyezi yosachepera 6. M'masabata oyambawo ndi mmene kutupa kwa pansi pa kachivindikiro, matenda a tizilombo ndi kukwera kwa mphamvu ya madzi chifukwa cha mankhwala odontheza a steroid zimagwidwira zisanawononge. Kuchoka ku Harare kufika ku Johannesburg ndi makilomita oposa 1,100 kudzera pa Beitbridge. Amene watenga tchuthi cha sabata imodzi, n'kuchitidwa Lachiwiri, n'kukwera basi Lachisanu, Lolemba n'kutsikira pansi pa mgodi, sali m'gulu la anthu 95 pa 100 aja, chifukwa iwo anatsatiridwa mpaka kumapeto.

Kwa mphunzitsi, namwino kapena wa mu ofesi wa zaka za m'ma 20 kapena kumayambiriro kwa 30, amene mphamvu ya magalasi ake yakhazikika, koniya yake yapimidwa n'kupezeka yochindikala ndi yoongoka, maso ake sauma, ndipo ali ndi dokotala wapafupi wovomera kumutsatira, opaleshoniyi ndi chisankho chomveka. Kwa wogwira pansi pa mgodi kapena m'fumbi, phindu ndi lochepa poyerekeza ndi zimene angataye, makamaka popeza alipo magalasi otetezera amene amapangidwa ndi mphamvu ya mwini wake, ndipo ndi bwino kuyamba wafunsa a chitetezo pa ntchito za amenewo. Ngati wasankhabe laser, afunse za PRK kapena SMILE, auze dokotala ntchito yake mosabisa, ndipo amufunse mwachindunji: "Adokotala, koniya yanga ndi yochindikala bwanji, mukasema patsala ma micron angati, nanga chikavuta ndili ku Bindura ndidzapite kwa yani?"

Amene anachitidwa kale, kapena amene adzachitidwe, asachoke kuchipatala wopanda pepala lolembedwa mphamvu ya magalasi ake akale, kupindika ndi kuchindikala kwa koniya asanachitidwe ndi atachitidwa, mtundu wa opaleshoni ndi tsiku lake. Zipatala zimatsekedwa, madokotala amasamuka, makompyuta amafa. Pepalalo alisunge pamodzi ndi chitupa, alijambule pa foni, auze mkazi kapena mwamuna wake kumene lili. Asiye kutikita maso. Kuyambira zaka 40 aziyezetsa glaucoma chaka chilichonse, osati nambala ya mphamvu ya madzi yokha koma mtsempha weniweniwo, ndipo aliyense wogwira maso ake azimuuza asanayambe kuyeza kuti maso amenewa anachitidwa laser.